Chitseko Chimene Laston Anafukula

Madzulo amenewo mtsinje wa Phalombe unali wodzaza koma wofatsa, monga umakhalira mvula ikamapita kumapeto. Laston ndi alamu ake, a Cornelius, anali pa ulendo wautali wa pa bwato, wopita ku nyanja ya Chilwa kukagula matemba. A Cornelius ndiwo ankapalasa. Laston anangokhala kutsogolo, atavala tisheti imene anapatsidwa pa msonkhano wa chipani, pakamwa pali piringupiringu. Anali mmodzi wa amuna aja amene matipate atafika anaganiza kuti ulemu nawo unathetsedwa pamodzi ndi makhadi a chipani chakale.

Laston anali mkamwini. Nyumba anamanga kwawo kwa mkazi wake Eveles, koma pakhomo pankalendewera chiguduli. Eveles anali atanena poyera kuti mvula ina ikadzapeza khomo lili choncho, mwamunayo adzapinde mphasa yake azipita kwawo.

Pokhota mtsinje, pamene madzi anagumula gombe, Laston anaona ngodya ya thabwa itatulukira mumchenga. Anatsika nafukula ndi manja ngati galu. Chinali chitseko cha mlombwa, cholemera, chosawola.

"Alamu, bwezeranipo," anatero a Cornelius. "Chimenecho chinatsika ndi Napolo kuchokera ku Michesi. Eni ake sanaikidwe m'manda. Zimene anakokolola madzi aja ife sititola."

"Eni akewo abwere ndi lisiti," Laston anaseka. "Ino ndi demokalase, alamu. Wapeza, wapeza."

Anachigoneka pamwamba pa bwato, nakhalapo ngati bwana.

Mdima unawapeza m'mabango, kumene mtsinje umayamba kusochera usanalowe m'nyanja. Udzudzu unali ponseponse. Achule ankalira mbali zonse. Kenaka onse analeka pamodzi.

Go, go, go.

"Ndi mlamba umenewo, ukumenya bwato," anatero Laston.

Kunagogodanso. Ulendo uno anakumva m'thupi mwake. Kunkachokera pansi pa chitseko, mbali ya mpiringidzo, imene kale inkayang'ana m'nyumba.

Madzi anayamba kukwera m'bwato. Panalibe pobowoka. Anali ozizira, onunkha dothi la kuphiri, ndipo a Cornelius pokapa ndi chikho ankamva timiyala tikukhulana pansi. Madziwo anafika mu akakolo. Anafika m'misongolo.

Pansi pa thabwa panamveka mawu a mkazi, otsika, otopa.

"Bambo a Belita, tsegulani. Madzi afika pa mphasa."

Mwana anatsokomola.

"Ponyani m'madzi chimenecho!" anakuwa a Cornelius.

 Koma Laston anakumbukira chiguduli chija, ndi apongozi akuseka chobisa pakamwa. Anagwira chitseko mbali zonse ziwiri, nakanikiza. Mwamuna amene sanapezepo mphamvu zolima ganyu kuti alipire kalipentala, usiku umenewo anapeza mphamvu zokhalira mkazi wopempha kutuluka.

"Bambo a Belita, mwanayu ndamukweza pa phewa. Tsegulani."

 A Cornelius anakocheza bwato pamatope, nasiya nkhafi, nalowa m'mabango akuyimba nyimbo ya kutchalitchi. Laston anatsala yekha. Usiku wonse anakhala pachitsekopo, madzi ali m'chiuno, pansi pake zikhadabo zikukanda thabwa. Kutatsala pang'ono kucha, kukandako kunaleka.

Matemba sanagule. Anabwerera kumudzi pa msewu, chitseko atachimanga pa njinga yobwereka, akukankha monyada. Anachikhoma tsiku lomwelo, anthu akuona. Eveles anagonamo usiku umodzi wokha. M'mawa anatenga ana nasamukira kwa mayi ake, osanena chimene anamva.

Tsiku lotsatira, amayi opita ku mjigo mbandakucha anapeza Laston atanjuta pakhonde, atanyowa mpaka m'khosi, chonsecho mvula inali isanagwe sabata yonse. Chitseko chinali chopiringidza m'kati. Iye ankagogoda pang'onopang'ono, ndi ulemu umene sanauonetsepo kwa munthu wamoyo.

"Odi. Odi, amayi. Nditengeko bulangete lokha."

M'katimo wina ankasesa.

Mpaka lero palibe wafuna kuthyola chitsekocho. Pa mjigo amanong'onezana kuti banja la ku Michesi lija linapeza pouma, ndipo silifuna mlendo.