Amene Anakauza Njuchi

Mtembo wa Edwin Tollerby unapezeka Loweruka nthawi ya 10:20 m'mawa, pansi pa kamlatho ka matabwa kuseri kwa chigayo chakale. Anaupeza ndi mayi wina amene ankayenda ndi galu wake. Pomwe Insipekitala Dennis Ockenden ankafika, dokotala wa apolisi anali akuvula kale magolovesi.

"Amumenya ndi mwala kunkhongo," anatero dokotalayo. "Cha m'ma 7 koloko, mvula idakali kugwa."

Mvulayo inakata 8 koloko, ndipo tsopano dzuwa linali likuswa mtengo. Ockenden anayang'ana nkhope ya mkuluyo, mtima n'kumuwawa. Anamudziwa kuyambira ali mwana.

Ockenden anabadwira m'tauni ya Tollerby momwemo, koma sanali Tollerby, ndipo kumeneko chimenechi n'chilema. Ukaima pamsika n'kuitana kuti "a Tollerby", theka la anthu limacheuka. Chaka ndi chaka eni dzinali amasonkhana, ena kuchokera ku Canada ndi ku Australia, kudzamwa tiyi m'holo ndi kunyadira zithunzi za pakhoma: Kaputeni Josiah, amene anamanga holoyo ndi chuma cha minda yake ya nzimbe ku Jamaica, Ada, mkazi woyamba kukhala dokotala m'boma lonselo, ndi katswiri wina wa kiriketi amene anthu amamukumbukira makamaka chifukwa choswa zenera la tchalitchi. Chaka chilichonse amakhomapo chithunzi chimodzi chatsopano, ndipo wosankha anali Edwin. Mwambowo unali wa mawa lake.

Sajeni Fiona Garside anabwera akupukusa foni. "Bwana, yatha iyi. Pali mlendo wa ku Birmingham, Dokotala Yvonne Tollerby. Dzulo anakangana ndi malemu kumalo omwera mowa, anthu akuona. M'mawa uno galimoto yake inali apa."

"Wanena ndani?"

"Tauni yonse."

"Tauni yonse inandiuzapo kuti sindidzakwatira," anatero Ockenden. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, Sajeni."

Nthawi ya 1 koloko masana anakhala naye mlendoyo m'chipinda chofunsiramo mafunso. Anali mayi wakuda, wa imvi zoyamba kumene, dokotala wodziwika wa mitima ya ana.

"Munakangana chiyani?" anafunsa Ockenden.

"Ankafuna kukhoma chithunzi changa m'holo, pambali pa Kaputeni wanu uja. Dzinali ife sitinachite kulisankha, bambo. Makolo anga anali akapolo m'minda yake, ndipo iye anabereka mwana mwa mmodzi wa iwo. Ife tinachokera mwa mwana ameneyo. Ndinamuuza Edwin kuti sindingamwetulire pafupi ndi munthu ameneyo."

"Iye anati bwanji?"

"Anati khomalo lakhala likunama kwa nthawi yaitali, ndipo akufuna linene zoona iye asanafe. Tinagwirizana zokumana pamlatho 7:30. Ndinafika, ndinadikira m'galimoto chifukwa cha mvula, sanabwere, ndinabwerera." Anaweramitsa mutu. "Ndinabwera kudzamuuza kuti ndavomera."

"Alipo anakuonani mukubwerera?"

"Palibe. Koma pondiloza chala ndiye aliyense ali ndi maso." Anapumira m'mwamba. "Mukandigoneka muno, mawa ndili m'nyuzipepala. Ndi kholo liti lidzandipatsenso mwana wake?"

Garside ankafuna kumutsekera. Ockenden anapempha kuti adikire mpaka madzulo, ngakhale kuti m'manja analibe kalikonse kupatula mtima wokayika.

Anapita kunyumba ya malemu. Mkazi wake, Mavis, anam'landirira kukhitchini, maso ali psuu. Pambali pake panakhala Roland, mng'ono wake wa Edwin, atavala kale tayi yakuda.

"Mwam'manga mayi uja?" anafunsa Roland.

"Tikufufuza."

"Mukufufuzanso chiyani, Dennis? Ndinawachenjeza achimwene. Dzina si chipewa choti aliyense azivala."

Ockenden anayang'ana pazenera. Kumapeto kwa dimba kunali ming'oma ya njuchi ya Edwin, yopakidwa penti yoyera, uliwonse utamangidwa kansalu kakuda. Kumeneko munthu woweta njuchi akamwalira, wachibale amakagogoda pamng'oma n'kuziuza njuchizo za malirowo, kenako n'kumangapo kansalu kakuda. Amati ukapanda kutero zimathawa kapena kufa. Achinyamata amaseka, koma a Tollerby akale saseka nazo.

"Ndaona mwaziuza kale," anatero.

"Ndi alamuwa," anayankha Mavis. "Ine njuchi sindiziyandikira, ndimatupa thupi lonse. Nditayang'ana masanawa ndangoona zamangidwa."

"Ndamanga cha m'ma 12, uthenga utandipeza," anatero Roland. "Njuchi zimenezi ndi za agogo athu. Sizinasowepo pabanja pano."

Ockenden anapempha kukapuma mphepo. Anatsika ndi dimba, manja m'thumba, n'kuima patali pang'ono, pakuti naye njuchi sanali nazo pa ubwenzi. Tinsaluto tinali takale, tong'ambidwa ku diresi ya maliro. Pansi pa kalikonse, pa penti yoyera ija, panali mizere yotuwa yotsikira pansi. Anakhudza mfundo imodzi. Mkati mwake munali mudakali monyowa.

Kenako anaimbira Garside.

Nthawi ya 4:15 Roland anakhala pampando womwe anakhalapo Yvonne, atapinda manja pachifuwa.

"Munati nsalu zija munamanga nthawi yanji?"

"Cha m'ma 12. Kodi wayamba kugontha?"

"Utoto wake wasuluka, watsikira pa ming'oma. Nsalu sisuluka ndi dzuwa, a Tollerby. Imasuluka ndi mvula, ndipo mvula inakata 8 koloko." Ockenden anasendeza mpando. "Mtembo unapezeka 10:20. Inu munakauza njuchi za maliro ife tisanadziwe kuti kuli maliro. Anakuuzani ndani?"

Roland anayang'ana zikhatho zake ngati si zake.

"Mukanangopita kwanu, bwenzi pano tikumanga munthu wosalakwa," anapitiriza Ockenden modekha. "Koma simukanatha kuzisiya osaziuza."

"Zikanathawa," anatero Roland ndi mawu otsika. "Ababa ankati uzikaziuza thupi lisanazizire." Misozi inayamba kutsika. "Ndinawatsatira kumlatho kuti ndiwadandaulire komaliza. Ndinati, achimwene, mukakhoma chithunzi chimenecho, aliyense azifunsa kuti Kaputeni ankatani ku Jamaica. Dzina lathu lithera pomwepo. Ine ndilibe mwana, ndilibe ntchito yoti munthu angaitchule. Chomwe ndili nacho ndi dzinali. Iwo anandiseka. Anati mayiyo walichitira dzinali zabwino kuposa ine ndi Kaputeni kuphatikiza. Atatembenuka, mwala unali kale m'manja mwanga."

"Ndiye mumati mayi uja akusewerereni ndende?"

Garside anadzuka n'kumuuza mlandu wake.

Msonkhano wa mawa lake sunalephereke, chifukwa Mavis anakana kuuimitsa. Anati mwamuna wake anaukonzekera chaka chonse. Anthu omwe dzulo ankaloza chala anaima m'holo mitu ili pansi, makapu a tiyi akuzizira m'manja, pomwe chithunzi cha Yvonne chinkakhomedwa pambali pa Kaputeni. Ena anapita kukam'gwira chanza. Ena manyazi anawalepheretsa, ndipo Ockenden anaona kuti manyaziwo nawonso ndi chiyambi.

Madzulo Ockenden anaperekeza Yvonne kunyumba ya malemu kukatsanzika. Mavis anam'gwira dzanja, n'kupita naye mpaka pakati pa dimba, pomwe iye amalekezera.

"Pitani mukagogode, mwanangu," anatero. "Edwin ankafuna akakuperekezeni yekha."

"Ndikanene chiyani? Za maliro zamva kale."

"Sitiziuza za maliro okha. Timaziuzanso m'banja mukabwera munthu."

Yvonne anayang'ana Ockenden. Iye anangokweza mapewa, pakuti izi zinali za eni dzina. Mayiyo anatsika pang'onopang'ono pa udzu, anawerama pamng'oma woyamba, n'kugogoda ndi chala.

"Odi," anatero. "Ndine Yvonne. Yvonne Tollerby."