Lilime Lobwereka

Anzake a ku yunivesite ankamutcha Laiti. Dzinali analipata tsiku limene mphunzitsi wa katchulidwe ka Chingerezi analemba pa bolodi mawu atatu, light, right ndi write, iye n'kuwawerenga onse kuti laiti, laiti, laiti. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Mtsikanayu mutu unalipo, zolemba ankakhoza bwino, koma lilime ndi limene linamukana. Mayeso olankhula anali atalephera kawiri, ndipo lamulo linali lakuti ukalephera kachitatu, longedza uzipita kwanu. Kwawoko mayi ake anali atalengeza kale msewu wonse kuti mwana wawo adzakhala mphunzitsi wa Chingerezi.

Madzulo oti mawa ndi mayeso, anachonderera mlonda kuti amutsegulire chipinda chophunziriramo katchulidwe. Mdalayo ananyinyirika, koma anatsegula. Anangomuuza kuti akhale pena paliponse kupatula mpando wa pakona. Laiti anayesa mahedifoni onse, akufa okhaokha. Amoyo anali a pakona pomwepo. Anati ohoo, kani mdalayu amabisira okondedwa ake zabwino, n'kukhala pomwepo.

Makina ake amayenda chonchi: mawu ojambulidwa a mzimayi amatchula liwu, kenako zii, kukusiyira mpata woti ubwereze. Mzimayiyo anati arrive. Laiti asanatsegule pakamwa, wina anabwereza. Anali mawu a mtsikana, otsika, pafupi penipeni ndi khutu lakumanzere, r wake wosalala ngati wa pa wailesi.

Anavula mahedifoni. M'chipindamo munali mipando yokhayokha. Anasuzumira pansi pa matebulo, anatsegula kabati, palibe. Anayamba kukayikira mnzake wogona naye chipinda chimodzi, yemwe anayambitsa dzina lija, pakuti mwana ameneyo chipongwe sachimva kukoma akapanda kuchitira Laiti. Anamuimbira foni. Mnzakeyo anayankha ndi mawu atulo, kumulalatira, n'kudula. Nanga mlonda? Pawindo anamuona ali pa geti uko, akusinza, chipewa chili kumaso.

Mantha anamugwira, tisanamizane. Koma mantha obwerera kwawo chimanjamanja anaposa. Anavalanso mahedifoni aja.

Ulendo uno mawu aja sanadikire mzimayi wa m'makina. Analankhula chakwathu chenicheni.

"Lilime usaligunditse kumwamba, mnzanga. Lipinde. Tiye, nena nane."

Laiti ananena naye. Alive, arrive. Alive, arrive. Kachitatu, kakhumi, mawu ake ndi a mtsikana uja akuyendera limodzi, mpaka sanathenso kusiyanitsa ake ndi a mwini wake. Lilime linazizira ngati wayamwa ayisi. Kenako r uja anatuluka, woyera bwino. Winayo anapuma mozama, monga munthu amene watula mtolo, anati zikomo, n'kuti zii. Laiti anadabwa pang'ono, poti wothokoza anayenera kukhala iyeyo.

M'mawa mayeso anakhoza. Mphunzitsi anamuyang'anitsitsa pamwamba pa magalasi, anaona chiphaso chake kawiri, n'kufunsa amene wamuphunzitsa. Laiti anati khama basi. Mphunzitsiyo analemba malikisi, koma ankaoneka ngati akuyesa kukumbukira kumene anamvapo mawu amenewo.

Atangotuluka anaimbira mayi ake, mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe.

"Amayi, ndakhoza."

Mayiwo anayankha mwaulemu, ulemu wopatsa mlendo.

"Pepani, ndinu ndani? Foni ya mwana wanga mwaitenga kuti?"

Anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Anawatchulira dzina lake la paubwana, dzina la malemu bambo ake, ngakhale chipsera cha pabondo chimene anachipeza atavulala pa njinga. Mayiwo anangoti mwana wawo amamudziwa mawu ngakhale atatsokomola mumdima, n'kudula. Anaimbanso mpaka dzuwa kulowa, osayankha.

Mlonda uja sakonda kuikamba nkhaniyi, koma akalawa pang'ono amanong'ona. Amati kwa zaka zambiri pakona paja pankamveka mtsikana akuyeseza Chingerezi usiku, chosalala, chopanda pokhumudwa. Akuti anali wophunzira wina amene anakonzekera mayeso omwewo koma kunja sikunamuchere. Ameneyo tsopano sakumvekanso. Amene akumveka masiku ano ndi wina, wamisozi kukhosi, ndipo amangobwereza liwu limodzi mpaka mbandakucha: laiti, laiti, laiti.