Ulusi Wofiira wa Atelala

Atelala ankaanula nsalu pachingwe dzuwa litapendeka pamene anamva kuyimba padenga: tswii, tswii, kenako kamawu kotsetsereka ngati mwana wotopa ndi kulira. Kanali kambalame kotuwa mobiriwira, kosadzaza ndi chikhatho chomwe, ka mtundu uja umafika m'nkhalango mvula ikamayamba n'kuchoka ikamatha.

Chaka chimenecho timbalameti tinaipa mbiri. Kena kanayimba padenga la wosula makasu, sabata isanathe mkazi wake anaikidwa. Kena kanatera kwa aphunzitsi, nakonso maliro. Anthu ankanong'onezana kuti ilipo mfiti ikudzisandutsa kambalame kudzasankha ndiwo. Ndipo m'nyumba mwa atelala, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anali chigonere tsiku lachinayi, osalankhula, maso ali tong'o, chipinda chikununkha nthenga zonyowa.

"Bambo ake, mwakamva?" anafunsa akazi awo.

"Ndakamva. Tseka mawindo."

"Kakuchita ngati kakufuna kulowa."

"Ndati tseka!"

Atelala ankadziyesa ochenjera kuposa mudzi wonse, ndipo za asing'anga ankati n'zotaya nthawi. Anapaka ulimbo padenga, m'mawa n'kupeza kambalame kakuphiriphitha pomwepo. M'manja mwawo sikanajomphe ayi. Kanangowayang'ana, kamtima kali thi thi thi. Kukapha anaona kuti n'kupusa: mfitiyo akanaidziwa bwanji? Anadula ulusi wofiira pamakina, n'kukamanga kumwendo ndi mfundo yawoyawo yomalizira mabatani. Anati madzulo azungulira mudzi kusuzumira akakolo a anthu.

Anakaponya m'mwamba, kanabwerera padenga. Anakagenda, kanakatera pawindo n'kumagogoda galasi ndi mlomo. Mwala wachitatu ndiwo unakathamangitsira kunkhalango, kumene tinzake tinali titasonkhana kale poti mvula inali itatha. Atelala anaimirira manja m'chiuno, akuonerera gulu lonse likunyamuka mpaka linazimirira.

M'nyumba munamveka mkuwe.

Anapeza akazi awo atavundukula bulangete kuti amusambitse mwana. Thupi linali lofunda, likupuma bwinobwino, koma munalibe munthu. Pakakolo pake panali ulusi wofiira. Atelala anagwada n'kuyang'anitsitsa mfundoyo. Inali yawo.

"Mayo ine, ndagenda mwana wanga," anatero.

"Kapita kuti? Mukakatenge!"

"Timbalame tija tanyamuka tonse. Timabwera ndi mvula."

Akazi awo anawerenga miyezi ndi zala, dzanja limodzi silinakwane. Anayang'ana nthiti za mwanayo zikukwera ndi kutsika pang'onopang'ono.

"Ndiye thupi ili lidikira mpaka liti, bambo ake?"