Jasimini wa Tegan ndi Mphuno ya Fergus

Anakumana pamalo okwerera basi ku Armidale, m'mawa wina wa Juni, udzu uli mbee ndi chisanu. Tegan anali atakumbatira mtolo wa nsalu zakale zoyala pabedi.

"Chemwali, mukusamuka kodi?" anafunsa mnyamata wina wamaso oseka, dzina lake Fergus.

"N'zofunditsa duwa langa la jasimini. Anadzala ndi malemu mayi anga, koma chisanu chaliwaula kale nsonga."

"Ha! Duwa likusamala duwa linzake!"

Mawu otchipa ngati amenewo, koma Tegan anaseka. Atsikana inu, mudzamva liti?

Pasanathe mwezi Fergus anali atalowa m'nyumba mwa Tegan, "mtima wanga" ali pakamwa ngati chingamu. Kenako Tegan, poti anali namwino, anatumizidwa ku Tamworth milungu iwiri.

"Fergus, tamvetsetsa. Dzuwa likamalowa, funditsa. Kukacha, vundukula. Masamba akudawo usadule mpaka Okutobala, ndi amene akuteteza tsinde."

"Pita ndi mtendere, shuga wanga. Duwa limeneli ndi apongozi anga. Likafa, nanenso mundiike!"

Madzulo aliwonse foni ya Tegan inkalira. "Ndalifunditsa, wanga. Nyumba yazizira popanda iwe." Iye ankawerenga kawiri, n'kugona akumwetulira.

Tsiku lobwerera sanalowe n'komwe m'nyumba, anathamangira kuseri. Mayo ine! Jasimini yense anali chitsa chosafika m'bondo, chodulidwa dzulodzuloli.

"Ndimati ndilikonze lioneke bwino," anatero Fergus ali pakhomo.

"Kukonza? Mu Julaye? Duwa lofunditsidwa silipsa mpaka pansi. Wadula kuti ubise chiyani?"

Apa m'pamene anamuyang'anitsitsa. Mphuno ya Fergus inali psuu, khungu likusupuka.

"Dzuwa lokuwotcha mphunoli waliona kuti? Kuno anthu tikuvala majuzi atatuatatu!"

Fergus anayamba chibwibwi. Anali kunyanja ku Cairns, dera lakutali lotentha, masiku khumi athunthu. Anapita ndi Shona, chibwenzi chake chakale, poti matikiti a ndege anali ogula kale, nanga akanangowataya?

Tamvani zimenezo! Munthu ali gada pamchenga ndi mkazi wina, chala chili pafoni, "Ndalifunditsa, wanga." Manyazi anawasiya kuti?

"Usalire, mtima wanga. Mawa ndikugulira lina, lalikulu kuposa ili."

"Lodzala mayi anga ukaligula kuti?"



Tegan anagwada, misozi ili chuchuchu, nakanda chitsacho ndi chikhadabo. Kunsi kwa khungwa kunali kobiriwira pang'ono. Mtima unamuwawa, koma mkwiyo unaposa.

Dzuwa linali litapendeka, mphepo yayamba kuluma makutu. Analowa m'nyumba, natenga jekete lanthenga la Fergus, lokhalo limene anali nalo. Anakuta nalo chitsacho n'kumanga ndi chingwe.

"Nanga ine ndivala chiyani, wanga?"

"Ku Cairns kukutentha. Uyambepo."

Anamukankhira panja, n'kukhoma chitseko.