Mzere Wachikasu

Mtembo wa katswiri wojambula unapezeka 7:40 m'mawa, uli chafufumimba pakati pa zitini za penti m'chipinda chake chojambuliramo. Kunkhongo kunali bala la hamala.

Wofufuza milandu, bambo wa imvi yemwe anzake ankangomutchula kuti Mkulu, anayang'ana chinsalu chachikulu pakhoma: chofiira chokhachokha, ndi kamzere kachikasu m'munsi. Sajeni wake anaseka, nati zoterezi ngakhale iye angajambule ataledzera.

Mkulu anayamba ndi wogulitsa zithunzi, amene anakangana ndi malemu dzulo lake. Munthuyo analumbira kuti kuyambira 5 koloko madzulo mpaka m'mawa anali kuchipatala ndi mwana wake, ndipo anamwino anavomereza. Pofuna kuonetsa kuti ankagwirizana ndi malemu, anatulutsa kabuku ka chionetsero. Chinsalu chija chinalimo, dzina lake "M'bandakucha", koma mzere uli m'mwamba. Anawonjeza kuti zithunzi zotere sazionera chothamanga.

Mkulu anabwerera kuchipinda chija, nakhala pampando mphindi makumi awiri akuyang'ana chinsalucho. Kufiirako kunayamba kumulemera pachifuwa monga tsiku lomwe anaika m'manda mkazi wake. Anatsokomola, n'kuimirira. Felemu ya chinsalucho inali yothyoka pakona: chinsalu chinagwa, wina n'kuchikolekanso. Timadontho touma ta penti tinatsetserekera kumzerewo. Ndiye kuti chinajambulidwa chili chonchi.

Nthawi ya 2 koloko masana, m'chipinda chofunsira mafunso, anakhala moyang'anizana ndi mkazi wa malemu.

"Mayi, wakupha sachedwa ndi kukoleka chithunzi. Ndipo aliyense amachidziwa mzere uli m'mwamba. Angachikoleke chonchi ndani?"

Mayiyo anayankha akuyang'ana zikhadabo zake.

"Amene anachijambula."

Anafotokoza mosakweza mawu. Kwa zaka makumi awiri wojambula weniweni anali iyeyo, mwamuna wake n'kumangosaina. Sankadandaula, poti ogula amafuna munthu wapakamwa. Koma ichi anachijambula sabata yomwe anaika mwana wawo wamkazi, ndipo mwamunayo analonjeza kuti sichidzatuluka m'nyumba. Chinatuluka kupita kuchionetsero, chozondoka, ndi dzina lachilendo. Chitabwerako, dzulo lake mwamunayo anamuuza akumwetulira kuti chagulidwa ndi hotela ina. Anachilimbirana mpaka chinagwa, ndipo hamala inali pafupi.

"Mzere uja ndi mwana wanga, bwana, wagona pansi. Bambo ake anamuzondotsa kuti akakongoletse hotela."

Madzulo, asanajambule chinsalucho ndi kamera ngati umboni, sajeni anafunsa ngati achitembenuze kuti chifanane ndi m'kabuku.

Mkulu anatseka faelo.

"Chisiyeni momwemo."