Galimoto Yofiira ya ku Canongola

Chimene chinayamba kumudabwitsa Deolinda chinali mphaka. M'mawa uliwonse wa mwezi wa Julaye mphaka wa kunyumba yoyandikana ankapezeka atagona pamwamba pa injini ya galimoto ya malemu mwamuna wake. Tsiku lina atamuingitsa n'kuika dzanja pamalopo, anapeza chitsulo chili chofunda. Dzuwa linali lisanatuluke, ndipo galimotoyo inali isanachoke m'chisakasa kwa miyezi isanu, chiikireni Ezequiel m'manda.

Inali galimoto yaing'ono, yofiira, yaliwiro loposa msinkhu wake. Ezequiel anaigula kwa mzungu wa gulu lochotsa mabomba okwirira, patatha zaka ziwiri banjali litabwerako kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Sinali galimoto ya misewu ya ku Tete. Inkakhula mimba m'maenje, inkatsokomola ikamwa gazolina, petulo wogulitsidwa m'zigubu, inkafuna olyo wa injini wodula, ndipo kachitsulo kalikonse kakafa, kena kankayenera kuchokera ku Harare. Chifukwa cha iyo, theka la nyumba yawo ya ku Canongola linali likadali lofolera ndi lona lakale la kumsasa. Tsopano Deolinda ankafuna kuigulitsa kuti agule malata mvula isanagwe, pakuti lonalo linali litang'ambika ndipo silikanapirira dzinja lina.

Usiku umenewo sanagone. Anamva malole akuwoloka mlatho wa Zambezi, agalu a ku Degue akuyankhana, mphepo ikukweza lona n'kulisiya. Pakati pa usiku zonsezo zinakhala chete, ndipo kuchokera m'chisakasa munabwera kulira kwa injini, kwapansipansi, kosakwera, kosatsika, ngati munthu wong'ung'udza nyimbo atatseka pakamwa. Kunatenga kanthawi kokwanira kuwiritsa madzi a tiyi, kenako kunaleka. Kunatsala kuthetheka kwa chitsulo chikamazizira. Deolinda anapisa dzanja pansi pa matiresi ndipo kiyi anali pomwepo.

Kulirako kunabweranso usiku wachitatu, ndi wachisanu. Iye sanatuluke, ndipo sanauze munthu.

Koma anthu anali atayamba kale kulankhula. Mayi Albertina, amene ankagulitsa naye limodzi nsalu pamsika, anamunong'oneza kuti oyendetsa malole aona galimoto yofiira pamsewu wa ku Moatize ikuuluka yosayatsa nyali, ikuimba mluzu, ndipo ena akuti pampando panalibe munthu. Ogula awiri amene anali ataiona kale sanabwererenso. Raimundo, mng'ono wa malemu, anabwera Lamlungu n'kukhala pakhonde nkhope ili pansi. Anati mkulu wake sanagone bwino, chinthu chimene munthu anachikonda chotero sichigulitsidwa kwa alendo, ndipo iye anali wokonzeka kuitenga pamtengo wochepa kuti tsokalo lichoke pakhomo.

Panatsala wogula mmodzi, wamalonda wa ku Zóbuè, kumalire ndi Malawi, amene anati adzafika Loweruka. Deolinda anaitanitsa a Amadeu, mmisiri wokalamba wa galimoto wa kudera la Josina Machel, kuti aione kaye. Ataliza injini, utsi wabuluu unadzaza m'chisakasa. A Amadeu anamasula paipi ina, napisamo chala, ndipo chinatuluka ndi zinyenyeswa zakuda ngati makala. Anafotokoza kuti liwiro lonse la galimotoyo limachokera m'kachipangizo kotchedwa turubo, kamene kamazungulira mpaka kufiira ndi kutentha. Munthu akafika paulendo amayenera kuisiya injini ikulira pang'onopang'ono kuti olyo akaziziritse. Akangozimitsa, olyoyo amapserera m'kati.

"Amene akuiyendetsayu ndi munthu wothamanga kwambiri, wozimitsa mofulumira," anatero. "Anthu akuti ndi amuna anu, Dona Deolinda. Ine ndinkawadziwa. Ankakhala pakhomo panga injini ikulira, ine nditaima ndi moni m'kamwa. Amene aja sakanaipsereza, ngakhale atafa."

Deolinda anathokoza, nawapatsa madzi osamba m'manja. Atachoka anakhala nthawi yaitali pakhonde. Iyenso ankakumbukira madzulo ambiri pamene chakudya chinkazizira patebulo mwamuna wake ali m'galimoto, manja pachiwongolero, akudikira.

Lachinayi usiku anakabisala m'chisakasa, kuseri kwa mgolo wamadzi. Mdima wa mmenemo unali wonunkha olyo ndi fumbi, ndipo udzudzu unkamuluma osaupha. Patapita maola awiri chipata chinatseguka popanda phokoso, ngati chothiridwa mafuta. Munthu analowa wopanda nsapato, natsegula chitseko cha galimoto ndi kiyi, n'kuyamba kuikankha. Matayala anaphwanya timiyala pang'onopang'ono mpaka galimoto inatuluka. Patapita nthawi, kutali kumunsi kwa njira, injini inalira, mluzu wake n'kuzimirira chakumlatho.

Inabwerera tambala woyamba asanalire, ili chete monga inapitira, munthuyo akupuma movutikira poikankha. Ataiika m'malo mwake, Deolinda anayatsa machesi.

"Alamu," anatero Deolinda motsitsa.

Raimundo anakhala pansi pomwepo. Machesi atazima analankhula mumdima, monong'ona, mawu akuduka. Kiyi wachiwiri anamutenga masiku amene ankapita ndi mkulu wake kuchipatala. Ankanyamula makatoni a fodya a munthu wina ku Moatize, kawiri pa mlungu, ndipo atamva kuti anthu akunena za mzimu anangowasiya, kenako anayamba kuwonjezerapo. Anapempha kuti nkhaniyi isafike kwa akuluakulu a banja kumudzi ku Angónia.

Deolinda anati apereke kiyi, ndipo anapereka. Kenako anamufunsa chifukwa chake masiku ena ankaisiya ikulira m'chisakasa, ngati cholinga chinali kumuopseza mkazi wamasiye ali yekha m'nyumba.



"Alamu, ine sindinailizepo muno. Ndimazimitsira pamtengo wa msawu paja, n'kukankha. Ndikanailiza bwanji pafupi ndi zenera lanu?" anayankha Raimundo. "Kawiri konse ndafika pachipata n'kuipeza ikulira kale. Ndinkayesa ndinu. Ulendo wachiwiri ndinasuzumira, ndipo munalibe munthu. Ndinabwerera kwathu."

Anatuluka osatseka chipata. Deolinda anatsala ataimirira pambali pa galimotoyo, kiyi aliyense m'dzanja lake, akumva chitsulo chikuthetheka mpaka kunja kunayera.

Wamalonda wa ku Zóbuè anafika Loweruka monga analonjeza. Anali atamva za utsi ndi za mzimu, ndipo zonse anaziseka. Anati turubo amagula, mizimu siwoloka malire, ndipo anatchula mtengo wokwanira malata a nyumba yonse ndi misomali yomwe. Deolinda anamvetsera mpaka anamaliza. Anamupepesa chifukwa cha ulendo wautali, nati galimotoyo sikugulitsidwanso.

Lolemba anapita kwa a Amadeu kukafunsa kuti turubo watsopano amatenga milungu ingati kuchokera ku Harare. Mkuluyo anamuyang'ana, nafunsa kuti adzaiyendetsa ndani. Deolinda anati palibe, koma isamavutike polira. Pobwerera anadutsa pamsika n'kugula singano yaikulu ndi ulusi wosokera lona.