Ulusi m'Mutu mwa Mzamba

Mtembo wa mzamba anaupeza m'mawa wa Lolemba, m'chipinda chochiritsira amayi, uli chagada pakati pa bedi ndi sikelo ya makanda. Pansi panali pokolopa, koma fungo la magazi linali lisanachoke.

Wapolisi wofufuza milandu, amene anzake ankamutcha Kadzidzi chifukwa choyang'ana munthu osaphethira, anaima pakhomo. Chitseko sichinathyoledwe. Mankhwala m'kabati anali onse.

Malemuwa anthu ankangowatcha Sisita. Anasiya ntchito kuchipatala chachikulu n'kutsegula chawochawo cha zipinda ziwiri. Ankawathandiza ndi mng'ono wawo, yemwe tsopano anali pabenchi panja, atafunda nsalu kumutu.

"Mukukayikira ndani, mayi?" anafunsa Kadzidzi.

"Wowotcherera zitsulo uja, bwana. Mwana wake anafera muno pobadwa, mwezi watha. Lachisanu anabwera akukuwa kuti achemwali aona zakuda."

Masana omwewo wowotcherera anali kupolisi, m'chipinda chofunsira mafunso.

"Kukuwa ndinakuwadi," anatero. "Inu mutaika mwana m'manda musanamupatse dzina, mungaimbe nyimbo? Koma dzulo lonse ndinali kuchipatala chachikulu, mkazi wanga anamugoneka. Kafunseni."

"Mumafuna chiyani kwa Sisita?"

"Chilungamo basi. A inshuwalansi akuti Sisita ali m'kaundula wa azamba, anachita zonse bwino, mlandu palibe, ndipo mkazi wangayo akuti wasokonezeka mutu. Koma mkazi wanga akulumbira kuti tsiku limenelo Sisita sanawaone n'komwe, anali kumaliro. Anamuchiritsa ndi wamng'onoyo."

Anamwino a kuchipatalako anavomereza kuti bamboyo sanachoke pambali pa mkazi wake. Kadzidzi anamumasula.

Lachiwiri dokotala wopima mitembo anaitanitsa Kadzidzi. Anapatula tsitsi la malemu kunkhongo.

"Anawamenya kamodzi, ndi chitsulo. Koma taonani apa. Wina anayamba kusoka balali. Mfundo zake zaukhondo. Ameneyu si telala, anaphunzira."

"Munthu sangadzisoke yekha kunkhongo?"

Dokotala anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Kuchoka apo Kadzidzi anapita kuofesi yolembetsa azamba. Mayi woyang'anira ofesiyo ankawadziwa onse awiri, Sisita ndi mng'ono wawo.

"Wamng'onoyo sukulu anamaliza, anakhozanso bwino. Koma kuti timulembetse ngati mzamba woima payekha, timafuna abwere ndi inshuwalansi."

"Nanga a inshuwalansiwo?"

"Iwo amafuna ayambe walembetsedwa."

"Ndiye munthu alowere pati?"

"Malamulowo sindinalembe ine, bambo." Anatsitsa mawu. "Sisita anaimba Loweruka. Anati abwera Lolemba, ali ndi zoti aulule."

Kadzidzi anabwerera kukachipatala kaja ndi sajeni wake. Anapeza mng'ono wa malemu akuwiritsa zipangizo zochiritsira amayi m'chipinda china.

"Muwiritsira yani, mayi? Pano n'potseka."

"Ndinazolowera, bwana."

"Muli ndi luso ndithu. Adokotala ayamikira kasokedwe kanu."

Mayiyo anazimitsa moto. Anakhala pampando pang'onopang'ono, manja ali pamaondo.

"Ndimayesa ndiwapulumutsa," anatero.

"Yambirani poyambira."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuchiritsa amayi m'dzina la achemwali. Ana ndalandira ine, kusaina iwo. Kuofesi uko ndayenda mpaka nsapato kutha, uku andikankhire uko, uko andikankhire kuno. Achemwali ankati, limba mtima mwana wa mayi anga, dzina langali ndi lathu tonse. Ndiye kunabwera mwana uja. Anatsogoza matako, mutu n'kukanirira. Ndinachita zonse zimene ndinaphunzira. Ngakhale akanakhala achemwaliwo, mwanayo akanafabe."

"Kenako?"

"Kwa a inshuwalansi achemwali ananama kuti analipo. Koma bambo uja atabwera Lachisanu, mtima unawatsutsa. Lamlungu madzulo anandiuza kuti mawa akukanena zoona. Ndinagwada, bwana. Ndinati iwo angowalanda chiphaso, koma ine ndi wa kundende, mzamba wabodza wopha mwana. Anati, chabwino uzipita kundendeko, bola mayi uja adziwe kuti si wamisala. Anatembenuka kuti azituluka. Chitsulo chokolekapo diripi chinali pafupi."

Anayang'ana manja ake.

"Atagwa ndinatenga singano. Ndikusoka, iwo akundiyang'ana. Ndinasiya nditaona kuti magazi aleka okha."

"Ndipo mlandu munafuna kuukankhira bambo woferedwa."

Mayiyo anaimirira. Anatambasula manja, sajeni n'kumumanga unyolo.

Akutuluka, pageti panaima njinga yamoto. Anatsika mayi wapakati, atagwira msana, mwamuna wake akumuchirikiza.

"Azamba, matenda ayamba," anatero mwamunayo. Kenako anaona unyolo uja.

Mng'ono wa malemu anayang'ana kaimidwe ka mayiyo. "Ameneyu watsala pang'ono, bwana. Musamukweze njinga."

Kadzidzi anatsegula chitseko cha galimoto ya polisi. Mayi wapakati anamugoneka kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya mkaidi. Njira yonse yopita kuchipatala chachikulu mkaidiyo ankati, "Pumani, mayi, musakankhe, pumani," unyolo ukulira pamphumi pa wodwalayo.